Kodi Mzinda Ungasiyidwe Ngati Munda?

Mlimi akaona kuti munda wake waguga, amausiya nakaswa mphanje kwina. Palibe womdzudzula, pakuti tsala likagonera, chonde chimabwerera. Koma kodi nkoyenera kuchita chomwecho ndi mzinda?

Ku Johannesburg, kumene ambiri amati ku Joni, malonda aakulu anali pakati pa mzinda. Kumeneko, m'chaka cha 1973, anatsiriza Carlton Centre, nyumba ya nsanjika 50. Patapita zaka, eni chuma ambiri, poopa umbanda, anasamukira ku Sandton ndi ku Rosebank, namangako nyumba zina zazitali. M'chaka cha 2000 msika wa masheya unawatsatira ku Sandton.

Komatu mzinda si munda. M'tsala mumatsala udzu, koma m'nyumba zosiyidwa zija munalowa amphawi, ena osowa madzi ndi magetsi. M'chaka cha 2023 moto unapha anthu oposa 70 m'nyumba ina yotere, ena mwa iwo Amalawi.

Kumanga pamalo atsopano si tchimo ayi. Koma munthu amene chuma chake chinaphukira pamalo akale ali ndi mangawa kwa otsala pamenepo, ndipo mangawa satha chifukwa mwini wake wasamuka.