Mphika wa Ana Sunachoke Pamoto



Ine ndine mlezi pa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu, kuno kwa Ngabu, chapafupi ndi msewu waukulu wochokera ku Nchalo kupita ku Bangula. Sindinapite ku koleji ya aphunzitsi. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo ntchitoyi ndimaigwira mongodzipereka, monga amachitira alezi ambiri m'dziko muno. Ndaima pano kuti ndinene zimene Mulungu anatichitira m'chaka cha 2024, chifukwa ndikakhala chete mtima wanga undiimba mlandu.

Mkombaphala si chimodzimodzi ndi pulayimale. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma. Komabe nakonso akulira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yothandizira sukulu inatha mphamvu, moti choko ndi makope zinakwera mtengo ana ali ochuluka chomwecho. Nanga ngati kwa akulu kuli choncho, kwa ife kukhala bwanji? Gawo la maphunziro a ana aang'ono mu bajeti ya dziko ndi lochepetsetsa. Chisakasa timamanga tokha, nkhuni timatola tokha, ufa wa phala makolo amasonkha okha.

Namondwe wotchedwa Ana anatipeza mu Januwale 2022, wotchedwa Freddy mu Malichi 2023. Wachiwiriyu anagwetsa khoma la chipinda chathu, ndiye tinayamba kuphunzirira pansi pa mtengo wa nimu. Tisanapume n'komwe, kunabwera ng'amba. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, koma ife tinali titaiona kale m'minda, chimanga chitafota chisanamasule. Makolo analeka kusonkha. Sindinawadandaule, pakuti ena anali atayamba kupita kudambo kukazula nyika kuti ana agone atalawa kanthu.

Mwa ana anga munali mnyamata wina wa zaka zinayi, wokhala ndi agogo ake. Chichitikireni madzi osefukira a namondwe, mwanayu sankalankhula. Ankafika m'mamawa anzake onse asanabwere, kapu yake yofiira ya pulasitiki ataimangirira chingwe m'khosi, n'kukhala pafupi ndi mafuwa. Ukamuitana ankangokuyang'ana. Anzake akamaimba iye ankangofumbata kapu ija ndi manja onse awiri.

Lachinayi lina mu Okutobala, dzuwa la kwa Ngabu lija loti nthaka imaotcha ngakhale utavala nsapato, ndinakutumula thumba la ufa mpaka kulitembenuza. Phala linatuluka lamadzimadzi, mwana aliyense theka la kapu. Masana komiti ya sukulu inakumana n'kugwirizana kuti Lolemba titseke kufikira zinthu zitasintha. Usiku umenewo sindinagone. Ndinagwada pamphasa ndipo kunena zoona pemphero langa silinali lokoma. Ndinati: Ambuye, ana awa ndi anu, si anga. Ine ndilibe malipiro, ndilibe nkhokwe, ndilibe wachibale ku Lilongwe. Ngati mukufuna titseke, mundipatse mawu okamuuza mwana wa kapu yofiira uja.

Lachisanu m'bandakucha ndinamva odi pakhomo. Anali agogo ena amasiye a kumapeto kwa mudzi, oti alibe ngakhale mdzukulu mmodzi pa sukulu yathu. Anatula dengu la mapira pakhonde. Mukudziwa kuti mapira amapirira ng'amba kuposa chimanga, ndipo iwo anali atakolola pang'ono.

Ndinati, "Agogo, nanga inu mudya chiyani?"

Iwo anati, "Mwana wanga, ndamva kuti mukutseka. Ine mano anatha, ndimadya pang'ono. Pita kuchigayo."

Ndinalira ngati mwana. Ndinakumbukira mayi wamasiye wa ku Zarefati uja, wa m'masiku a mneneri Eliya, amene ufa wake sunathe mumbiya. Nkhaniyi ndinkaiphunzitsa ku Sande sukulu chaka ndi chaka, koma tsiku limenelo inaima pakhomo panga itavala chitenje chakutha.

Mbiri ya dengu lija inayenda mudzi wonse dzuwa lisanafike pamutu. Amfumu anaitanitsa msonkhano ndipo anangofunsa funso limodzi: ngati nkhalamba yapereka, ife amphamvu tibisala kuti? Bambo wina wochita malonda a ziweto anagulitsa mbuzi pamsika wa kwa Ngabu, ndalama yonse n'kugulira ufa ndi shuga. Amayi olima m'madimba anabweretsa mbatata. Amayi a mpingo wathu, a mipingo ina, ndi anzathu achisilamu anagawana masabata ophika. Anyamata anaumba njerwa. Panalibe galimoto ya bungwe imene inaima pasukulu pathu, panalibenso kalata yochokera ku ofesi. Koma kuyambira Lachisanu limenelo mpaka tinakolola mu 2025, palibe tsiku la sukulu limene mphika sunakhale pamoto.

Ndipo dalitso lina linali likubwera. Tsiku lina tinkawerenga ndi njere za malambe, popeza zowerengera za kusitolo tilibe. Ndinaika njere pamphasa ndikutchula: imodzi, ziwiri, zitatu. Ndinaima kuti nditole ina, ndiye ndinamva kamawu kakang'ono kumbuyo kwanga kakuti, "Zinayi." Ndinatembenuka. Anali iye, kapu ili m'khosi, chala chikuloza njere. Mnzanga amene ankatakasa phala anaponya mthiko pansi n'kuyamba kululutira. Mu Seputembala 2025 mwanayo analowa Sitandade 1, ndipo ndikakumana naye panjira amandipatsa moni mokweza, anthu onse kumva.

Musamve ngati ndikunena kuti boma lipume poti Mulungu alipo. Ayi. Mulungu anagwiritsa ntchito dengu la mayi wamasiye, koma si bwino kuti maphunziro a ana a dziko lonse azitsamira pa mapira a nkhalamba. Zaka zoyambirira ndi zimene mwana amaumbika, ndipo wofika ku Sitandade 1 asanagwirepo pensulo amavutika m'kalasi la ana oposa 100. Amene amagawa ndalama za dziko ndimawatchula m'pemphero usiku uliwonse, kuti akamadula apa ndi apo azikumbukira ana a pansi pa mtengo.

Agogo a dengu la mapira aja akadali moyo, ndipo ana amakawatungira madzi Loweruka. Sukulu tikutsegula Lolemba, abale anga. Amene muli ndi kambale ka ufa, kamtolo ka nkhuni kapena maola awiri otakasa phala, mutipeze pansi pa mtengo wa nimu ikamakwana 7 koloko m'mawa.