Gasi wophikira, timipata ta ceria ndi miyala yathu

Mkangano unayambira pa mtengo wa makala mumsika wa Kapata ku Chipata. Mphunzitsi wina atatchula kafukufuku wosandutsa carbon dioxide kukhala methane, mnzake anamudula mawu: "Aphunzitsi, zimenezo n'za azungu. Ife tikufuna moto wophikira nsima."

Mawu amenewa akumveka, koma anafulumira. Gasi wa ndowe za ng'ombe sayaka yense. Mwa magawo 10, pafupifupi anayi ndi carbon dioxide wongodzaza malo. Atasandutsidwa methane, khola lomwelo likhoza kuphikira anthu ambiri.

Njira yake ndi yakale. Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens a ku France anaonetsa mu 1902 kuti nickel yotentha imakumanitsa mpweyawu ndi hydrogen, n'kutuluka methane ndi madzi. Amene anaphunzira kusukulu ya Chizongwe akukumbukira akuloweza pamtima kuti catalyst imafulumizitsa ntchito koma yokha siitha. Chimene mabuku aja sankafotokoza n'chakuti pamene nickel yakhazikidwa pamagwiranso ntchito. Ikayalidwa pa ceria (cerium wogwirizana ndi oxygen), ena mwa maatomu a oxygen a mu ceria amachoka n'kusiya timipata. Carbon dioxide, yemwe ndi wouma khosi, amakodwa m'timipatamo n'kufooka, ndipo hydrogen yochokera pa nickel imamupeza mosavuta. Ntchito imayenda pa kutentha kocheperapo kusiyana ndi nickel ya pa silica. Ndi monga mbaula: yopanda mabowo siyaka. Komabe ceria akaphimba nickel, ntchito imabwerera m'mbuyo ndipo carbon monoxide amachuluka.

Chovuta kuyankha ndi ichi: molekyu imodzi ya carbon dioxide imadya mamolekyu anayi a hydrogen, ndipo hydrogen yabwino imachotsedwa m'madzi ndi magetsi. Fakitale ya Audi yopanga methane motere ku Werlte, Germany, yomwe inatsegulidwa mu 2013, inafuna mamegawati 6. Mu 2024, madzi opangira magetsi atatsika ku Kariba, Chipata inkakhala maola ambiri patsiku mumdima. Wopeza magetsi angophikira pomwepo, osati kuwazunguliritsa.

Ndiye fakitale yotere si ya Chipata ya lero. Nkhani yeniyeni ili pansi panthaka. Nickel ilipo ku Munali ndi ku Kalumbila, ndipo cerium ali m'miyala ya Kangankunde ku Malawi. Zopangira catalyst zili kwathu, odziwa kuzikonza ali kunja. Masukulu ndi mayunivesite a Zambia aphunzitse ana kukonza miyala imeneyi, osati kuikumba kokha.