KODI KULAPA KUNGAGULIDWE NDI NDARAMA?

M'caka ca 1997, mu mzinda wa Kyoto ku Japan, maiko anapangana za kucepetsa utsi wa mafakitale ndi magalimoto umene ukutenthetsa dziko lonse lapansi. M'pangano lomwelo munabadwa malonda acilendo: dziko lolemera limene lalephera kucepetsa utsi wace likhoza kulipira dziko losauka kuti licepetse m'malo mwace. Tani imodzi ya mpweya woipa ikapewedwa kwa osauka, isanduka cikalata cimodzi, ndipo cikalataco cigulidwa ndi olemera. Pangano la ku Paris la 2015 linasungabe malondawa.

Ubwino wace ulipo ndithu, ndipo kuukana kungakhale kunama. Mpweya sudziwa malire a maiko. Mai wa kumudzi amene walandira citetezo mbaula ndi ndarama zotere atentha nkhuni zocepa, ana ace satsokomola ndi utsi monga kale, nayo nkhalango ipumako.

Koma akatekisti adziwa bwino zimene aphunzitsa ana okonzekera Sakramenti la Kulapa: wolakwira mnzace ayenera kubwezera cimene anaononga, ayeneranso kutsimikiza mumtima kuti sadzacitanso. Ziwirizi sizilekana. Zakeyo analonjeza kubwezera kanai onse amene anawanyenga, koma ndaramazo sizinali zogulira cilolezo cakuti m'mawa mwace anyengenso ena. Ndipo ndani anamvapo kuti mkristu walemba waganyu womusalira zakudya pa Lenti, mwini wace ali pa phwando?

Bvuto lagona pamenepa. Mwini fakitale akagula cikalata, ng'anjo yace iyakabe monga dzulo, mtima wace uli phee. Ncifukwa cace Papa Francis, m'kalata yace Laudato Si' ya 2015, anacenjeza kuti malondawa angasanduke cobisaliramo ca iwo osafuna kuleka kudya mopyola muyeso. Coipa coposa ncakuti nthawi zina cikalata cigulitsidwa m'dzina la mitengo imene panalibe woganiza zoidula. Apo utsi waonjezeka kumwamba, koma m'mabuku mwalembedwa kuti wacepa.

Tsono ndarama zimenezi nciani, mtengo wa malonda kapena ngongole? Anthu amene anafotsereka m'matope ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe pa namondwe Freddy mu 2023 sanali eni mafakitale. Maiko amene analemera potentha malasha ndi mafuta ali ndi mangawa kwa anthu otere, mangawa oyenera kubwezedwa ngakhale popanda kulandirapo cikalata ciri conse. Koma pa msika wa zikalata wamphamvu ndi wogula, ndipo mfumu ya mudzi ikhoza kusaina pepala la Cingerezi lomanga nkhalango ya anthu ace kwa zaka zambiri, isanadziwe kuti cikalata cimodzi cigulidwa ndarama zingati kutsidya kwa nyanja.