Muyeso wa Maphunziro a pa Intaneti

Funso la mmene ubwino wa maphunziro a pa intaneti m'sukulu zaukachenjede ungayezedwere lili ndi mizu yakale kwambiri kuposa kompyuta. M'buku la Phaedrus, Plato akuonetsa Socrates akukayikira zolembedwa chifukwa mawu olembedwa akafunsidwa amangobwereza zomwezo, moti wowerenga amaoneka wanzeru pamene nzeruzo sizinakhazikike mwa iye. Nkhawa imeneyi inaonekera poyera mu 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatseketsa sukulu ndipo aphunzitsi ambiri anangotumiza zolemba ndi mavidiyo, zomwe wophunzira wosauka ankazitsegula pafoni mothamanga, poopa kuti bando itha asanafike tsamba lomaliza.

Oyeza maphunziro amakonda kuwerengera zosavuta kuwerengera, monga chiwerengero cha olembetsa ndi cha okhoza mayeso, koma manambala amenewa sanena ngati wophunzirayo anapeza mpata wofunsa, wotsutsa ndi wowongoleredwa ndi munthu amene wamva pomwe iye wasokonezekera. Kudziwa kwenikweni, kutanthauza kutha kupereka chifukwa cha chimene munthu akunena, kumabadwa m'kukambirana kotero. Pulogalamu imene sipereka mpata umenewo siyenera kupatsidwa chilolezo chopereka digiri, ngakhale makina ake atakhala amakono chotani.