Kulemera kwa lita imodzi ya asidi

Pa botolo la asidi wa hydrochloric wa mu labotale pamalembedwa manambala atatu: 37%, 1.19 ndi 36.46. Yoyamba imanena kuti pa magalamu 100 aliwonse a madzi a m'botolomo, magalamu 37 ndiwo asidi weniweni. Yachitatu ndi kulemera kwa mole imodzi ya asidiyo. Koma imene imandipatsa maganizo ndi yapakatiyo, density, yomwe imangotiuza kuti mililita imodzi imalemera magalamu 1.19.

Opanga asidi amayeza ndi sikelo, pomwe ife pogwiritsa ntchito timachita kuthira. Aliyense amene anagulapo mbewu pa msika amadziwa kuti ndowa ya chimanga ndi ndowa ya mtedza wosasenda sizilemera mofanana, ngakhale ndowa ili yomweyo. Nawo mamolekyu akakumana salabadira magalamu kapena malita. Chomwe chimagwira ntchito ndi chiwerengero chawo, chimene timachiwerenga m'ma mole. Molarity imafunsa funso limenelo: mu lita imodzi muli ma mole angati?

Ndimakonda kuwerengera izi mosathamanga. Mamililita 1,000 kuchulukitsa ndi 1.19, lita yathu ikulemera magalamu 1,190. Mwa amenewa, 37% ndi magalamu pafupifupi 440. Tikagawa ndi 36.46 tikupeza ma mole 12. Wina akangoganiza kuti lita iliyonse imalemera kilogalamu imodzi monga madzi akumwa, apeza 10, ndipo palibe chomuchenjeza, chifukwa asidiyo m'maso amaoneka ngati madzi basi. Kwa asidi wa sulfuric kusiyanaku n'koopsa: 98% ndi density ya 1.84 zimapereka ma mole 18.4 pa lita, pomwe woiwala density angaone ngati ndi 10.

Chimandikhudza n'chakuti nzeru imeneyi siili m'kalasi mokha. Makaniko akatsegula batire la galimoto n'kukoka madzi ake ndi hydrometer, akuyeza density yomweyi. Batire lodzaza moto limawerenga pafupifupi 1.28, kutanthauza ma mole a sulfuric oyandikira 5 pa lita. Moto ukamatha, asidi amakakamira pa mbale za mtovu za m'kati ngati lead sulfate, m'malo mwake mumachuluka madzi, ndipo kanthu koyandama ka mu hydrometer kamamira pang'ono. Bamboyo akati batire lafooka, wawerenga mamolekyu amene sanawaonepo, ndipo wanena zoona. Ndimaona kuti ntchito yake ndi yofunika ulemu womwewo umene timapereka kwa wovala chikhoti choyera.

Mole imodzi ndi tinthu 6.022 × 10²³. Nambalayi imadziwika ndi dzina la Amedeo Avogadro, koma mwini wake anamwalira mu 1856 asanaidziwe. Anangosiya ganizo la mu 1811 lakuti mipweya yodzaza malo ofanana, pa kutentha ndi kupanikizika kofanana, imakhala ndi mamolekyu ofanana kuchuluka. Ena ndiwo anadzawerenga pambuyo pake, ndipo kuyambira mu 2019 nambalayi inakhazikitsidwa kuti isamasinthenso. Ndikayang'ana ma mole 12 aja, ndimazizwa kuti chiwerengero chosatheka kuchiganizira m'mutu chimafikirika ndi sikelo, botolo ndi masamu a kusekondale.

Density imasintha ndi kutentha, choncho ya pa botolo imakhala yoyezedwa pa 20°C kapena 25°C, ndipo botolo lotsegulidwa kawirikawiri limataya asidi mu mpweya. N'chifukwa chake pa ntchito yofuna kulondola kwenikweni, 12 ija imatsimikizidwanso ndi njira yoyezera yotchedwa titration. Koma pa ntchito ya masiku onse imakwanira: wofuna lita imodzi ya 1 M (mole imodzi pa lita) atenge mamililita pafupifupi 83 a asidi wa hydrochloric uja, awathire pang'onopang'ono m'madzi okhala kale m'botolo loyezera, popeza kusakanizako kumatulutsa kutentha, kenako awonjezere madzi mpaka afike pa mzere.