Kuwongola mtengo ndi poyamba

Akuluakulu akaona mwana wayamba kutola zinthu za eni kapena kuyankha makolo mwachipongwe, amaitanira mayi kapena bambo wake pambali n'kunena kuti, "Kuwongola mtengo ndi poyamba." Tanthauzo lake ndi losabisika. Kamtengo kanthete kakapendama, umakadzutsa ndi dzanja limodzi, n'kukamangirira kuchikhomo, ndipo kamakula kali chilili. Ukakalekerera mpaka thunthu litakhwima, ngakhale amuna khumi atakoka ndi chingwe, amangothyola. Khalidwe la munthu nalonso limaumbika paubwana, ndipo chizolowezi chimene chakula naye sichichoka ndi mawu a tsiku limodzi.

Ambirife timaumva mwambiwu ngati wongotifulumizitsa kuti tisachedwe kulanga. N'zoona, koma nzeru yake siinathere pamenepo. Amisiri osema mauta, amene ntchito yawo ndi kupinda mtengo kuti ukhale momwe akufunira mpaka kalekale, amadziwa kuti kufulumira pakokha sikukonza kanthu. Mtengo umafuna potsamira pamene ukuuma. Potsamirapo ndi chikombole, ndipo mmisiri wodziwa ntchito amayamba wakonza chikombolecho asanayambe kupinda mtengo wa uta.

Uta wongosemedwa mowongoka umaponya ndithu, koma ukakungidwa kawirikawiri umayamba kukhota motsatira nsinga, mphamvu yake n'kumachepa. N'chifukwa chake amisiri ambiri amapindira mikono ya uta kutsogolo, kumbali yosiyana ndi kumene nsinga idzakokere, ena n'kupinda nsonga zake ngati mbedza. Uta wotere umakhala wokungika kuyambira pomwe munthu wayamba kukoka, ndipo muvi umachoka ndi liwiro lalikulu. Koma kupindako kukangolakwika pang'ono, uta wonse wawonongeka.

Popanga chikombole, mmisiri amasankha thabwa lochindikala, louma bwino, losapotoka. Amajambula kukhota kumene akufuna papepala lolimba, kulidula, kuliika pathabwa n'kulemberera, kenako kucheka motsatira mzerewo. Ntchito yaikulu imagona pa kupala. M'mphepete mmene mtengo udzagonemo muyenera kusalala, mopanda chotupa kapena dzenje, chifukwa mtengo wofewa ndi kutentha umatengera chilichonse chimene wagonera. Mphepeteyo isapendekerenso mbali imodzi. Ikapendekera, nsonga ya uta imapotoka, nsinga siidutsanso pakati, ndipo tsiku lina imavuka munthu ali mkati mokoka. Amalemba mzere pakati pa chikombole kuti uzigwirizana ndi mzere wa pakati pa uta, n'kuboola mabowo olowetsamo zopanira kapena kukhoma zikhomo zokulungamo zingwe ndi mphira. Mikono yonse iwiri amaipindira pachikombole chimodzimodzicho kuti ifanane.

Apa ndi pamene mwambi wathu umatembenukira kwa wowongolayo. Mtengo wokhala ndi mfundo yoipa umawononga uta umodzi, koma chikombole chopendekera chimawononga uta uliwonse wogonekedwapo. Pakhomo, chikombole ndi ife makolo, agogo, atsibweni ndi azakhali. Kusukulu ndi mphunzitsi, pashedi ya ukalipentala ndi mmisiri amene akuphunzitsa anyamata. Bambo amene amatuma mwana kukauza wangongole kuti "bambo kulibe" iye ali m'nyumba, waphunzitsa bodza, ngakhale madzulo ake atalalikira za chilungamo. Mwana satengera zimene timanena, amatengera zimene watsamira tsiku ndi tsiku. Paja akuluakulu omwewo anati make mbuu, mwana mbuu.

Nzeru ya chikombole ndi yakale ndipo imapezeka m'mitundu yotalikirana. M'chaka cha 1911, pafupi ndi tauni ya Oroville ku California, kunatulukira munthu wa mtundu wa Yahi amene anadzatchedwa Ishi, wotsala yekha mwa anthu a mtundu wake. Dokotala wina, Saxton Pope, anapalana naye ubwenzi ndipo analemba momwe ankapangira mauta. Ishi ankakonda mtengo wa juniper. Nsonga za uta ankazipinda pamwala wotentha, kenako n'kumangirira utawo ndi zingwe kumtengo wina kuti usabwerere, n'kuusiya pamalo ouma, amdima, kwa miyezi, nthawi zina zaka. Ku Japan, amisiri a uta wautali wotchedwa yumi, umene umapitirira mamita 2, amamata timizere ta nsungwi ndi mtengo, kukulunga chingwe thupi lonse la uta, n'kumakhomera tizidutswa ta nsungwi tosongola pansi pa chingwecho uku akuupinda. Zonsezi amachita guluu asanagwire, chifukwa akagwira, mpata watha. Njira n'zosiyana, koma onse amagwira mtengo pa nthawi imene ukulola, n'kuupatsa chousunga mpaka utakhazikika.

Nthawi yabwino koposa ndi pamene mtengo uli wauwisi. Mmisiri akaudula n'kuuwaza, amamata kumapeto kwake ndi guluu kapena penti kuti madzi asatuluke mofulumira n'kuung'amba. Akatero amauchepetsako, n'kuumangirira pachikombole pang'onopang'ono. Sipafunika moto. Mtengo umangouma uli momwemo ndipo umasunga maonekedwewo. Amene afulumira kuumasula, madzi asanathe, amaupeza utapotoka pakapita masiku ochepa. Kuthamanga si kufika.

Nanga mtengo umene unauma kale? Amisiri sautaya, koma ntchito yake imakula. Amauphika ndi nthunzi ya madzi owira, pafupifupi ola limodzi pa masentimita 2.5 alionse a kuchindikala kwake. Kutentha ndi chinyezi zimafewetsa lignin, chinthu chimene chimamanga pamodzi ulusi wa mtengo. Ukangochoka munthunzi, mmisiri amakhala ndi kanthawi kochepa kwambiri koti aupinde usanazizire, choncho chikombole, zopanira ndi zingwe zimayenera kukhala zili pafupi. Mtengo umalola kufinyika kuposa kutamuka, motero mbali yakunja kwa khota ndi imene imathetheka. Pofuna kuiteteza, amagonekapo lamba wopyapyala wachitsulo. Pansi pa zopanira amaikapo kachikopa kapena kathabwa kuti chitsulo chisaboole msana wa uta, chifukwa bala la pamsana ndi pamene uta umadzathyokera. Ena amagwiritsa ntchito moto wouma, atadzoza mtengo mafuta kuti usawauke. Ngakhale atasamala chotere, mitengo ina imathyoka, ndipo malo amodzi sungawatenthe n'kuwapinda kambirimbiri osawafoola.

Choncho mwambiwu sukunena kuti munthu wamkulu wolowerera ndi wotayika. Ukutichenjeza za zotsatira za kuchedwa. Zimene zikanatheka ndi mawu ofatsa mwana ali ndi zaka zisanu, zimadzafuna misozi, milandu ya kwa amfumu, mwinanso ndende, iye ali ndi zaka makumi awiri. Ndipo sizitheka kwa onse.

Mwambiwu sukuperekanso chilolezo cha nkhanza. Ndimamva chisoni ndikaumva ukutchulidwa ndi munthu amene wanyamula chikoti. Palibe mmisiri amene anapindapo uta poumenya. Amaufewetsa kaye, amaukankha mwapang'onopang'ono uku akumvetsera ngati ukulira, amauteteza pamene pali pofooka. Mwana amene wazolowera kumva kuti amakondedwa amalandira chidzudzulo. Amene amangomva zibakera ndi zotukwana amagonja pamaso pathu, koma bala limatsala mkati, ndipo limadzaonekera tsiku limene moyo wamukoka mwamphamvu.

Pali chinthu chinanso chimene amisiri amachidziwa asanacheke thabwa. Mtengo ukamasulidwa umabwererako pang'ono, choncho kukhota kwa chikombole amakupitirizako dala, podziwa kuti uta sudzafanana nacho ndendende. Mtengo uliwonse uli ndi mayendedwe ake a ulusi ndi mfundo zake, ndipo mmisiri amasema motsatira zimenezo. Kholo lanzeru nalonso silidandaula mwana akasankha ntchito ina kapena akaganiza mosiyana nalo pa zinthu zina. Chofunika n'chakuti ulemu, chilungamo ndi khama zakhazikika. Nthawi ikakwana, zingwe zimamasulidwa, chifukwa uta umene ukadali pachikombole suponya muvi. Mwana womangidwa mpaka kumera ndevu, wosaloledwa kusankha kapena kugwira ndalama yakeyake, amadzasowa pogwira makolo akadzapita.

Tikamauza ena mwambiwu, tiyambe tadzifunsa mafunso atatu. Kodi mwanayu ndayamba naye akadali wanthete, kapena ndikudikira kuti aphunzitsi ndi apolisi adzandigwirire ntchito? Kodi ndikumuwongola mofatsa ndi mosalekeza, kapena ndimangodzidzimuka tsiku limene wandichititsa manyazi? Ndipo kodi moyo wanga, umene iye amautsamira kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndi wowongoka? Funso lachitatuli ndi lowawa, koma ndi limene lili m'manja mwathu lero. Amene akufuna mwana wosanama asiye kunama, amene akufuna mwana waulemu alankhule mwaulemu ndi mkazi wake, mwamuna wake ndi wantchito wake, anawo akuona.