Kodi Mphunzitsi Akaweruka Amakhala wa Yani?

Tsiku lililonse m'bandakucha, pamene tikupita ku Misa ya m'mawa, timapambana ndi bambo wina akuthamanga mumsewu wa ku Chilomoni, thukuta lili kamukamu, nsapato zake zitasokedwa kawiri pamsika. Bamboyu ndi mphunzitsi wa Sitandade 7. Ali ndi kabuku momwe amalembamo makilomita a tsiku lililonse, pakuti adatsimikiza mumtima kuti adzatsiriza mpikisano wa makilomita 42 asanakwanitse zaka 45. Loweruka masana amakhala pansi ndi anzake awiri kumwa botolo limodzi kapena awiri, ndipo ndi munthu wodziwa kusiyanitsa Green ndi Brown, ngakhalenso masese ofulidwa modekha ndi chimera cha mawere ndi aja ofulidwa mothamangira ndalama. Mwezi ukatha, bandi ikabwera m'tauni, amatenga mayi a kunyumba nakamvera nyimbo.

Tsiku lina titatsiriza mapemphero a limana, kholo lina lidatitengera pambali. "Bambo mfumu," lidatero, "aphunzitsi aja amapezeka pa mowa. Kodi munthu wotere tingamusiyire ana athu?" Sitidafulumire kuyankha, chifukwa funsoli ndi lolemera kuposa momwe limvekera. M'kati mwake muli mafunso ena awiri: kodi munthu amene tamuikiza ana athu ali ndi ufulu wosangalala monga anthu ena onse? Ngati ali nawo, malire ake ali pati?

Tiyambe taona katundu amene munthuyu wasenza. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana a sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino, koma goli lake lidagwera pakhosi pa mphunzitsi. Ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri si chachilendo kuona kalasi imodzi ya ana oposa 100, ena atakhala pansi, ena akusuzumira pa zenera. Munthu amene wafuula kuyambira m'mawa, nachonga makope mulu wathunthu pa kandulo magetsi atathima, amatopa thupi ndi mzimu womwe. Tulo timachotsa kutopa kwa thupi, koma kutopa kwa mzimu kumafuna mankhwala ena.

Thomas Aquinas, amene adamwalira mu 1274, adafunsa m'buku lake la Summa Theologiae ngati m'masewera ndi m'nthabwala mungapezeke khalidwe lolungama, ndipo adavomera. Adakumbutsa nkhani yakale yosungidwa ndi John Cassian. Anthu ena adakhumudwa atapeza Yohane Mtumwi akusewera ndi ophunzira ake. Yohane adapempha mmodzi wa iwo, amene adanyamula uta, kuti aponye mivi motsatizana, kenaka namufunsa ngati angapitirize chotero osalekeza. Munthuyo adati utawo ungathyoke. Mtima wa munthu ulinso chimodzimodzi. Aquinas adafika ponena kuti munthu wokana chisangalalo chilichonse, amene amalemetsa anzake ndi nkhope yake ya tsinya, nayenso walakwa. Choncho funso loyamba layankhika. Mphunzitsi wosapuma adzathyoka, ndipo oyamba kulasidwa ndi zidutswa zake ndi ana athu omwe.

Funso la malire ndilo lovuta. Aristotle adaphunzitsa kuti khalidwe labwino limakhala pakati pa kuchulutsa ndi kuchepetsa, koma adachenjeza kuti pakati pamenepa sipayezedwa ndi sikelo imodzi kwa anthu onse. Chakudya chokwanira katswiri wolimbana chingadwalitse mnyamata amene wayamba kumene masewerawo. Tiyeni tsono tiyeze zosangalatsa zitatu za mphunzitsi wathu, chilichonse pachokha.

Kuthamanga palibe amene amakudzudzula. Tonse timanyadira Catherine Chikwakwa, amene mu 2004 adatenga mendulo ya siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy, ndipo timazizwa ndi amtengatenga a ku Mulanje amene amapikisana kukwera ndi kutsika phiri chaka ndi chaka. Paulo Woyera, polembera Akorinto amene ankadziwa bwino mipikisano ya kwawo, adawakumbutsa za kudziletsa kwa othamanga, amene mphotho yawo idali nkhata ya masamba chabe. Munthu amene waphunzira kuwonjeza kilomita imodzi sabata iliyonse amadziwa kuleza mtima ndi mwana amene samva masamu, chifukwa waona m'miyendo yake kuti zinthu zazikulu zimadza pang'onopang'ono.

Komabe chinthu chotamandidwa chimabisa tchimo mosavuta. Ngati bambo akuwerenga makilomita pamene mayi akusenza zidebe okha kuchokera kumpopi wakutali, madzi atasiya kutuluka, kuthamanga kumeneko n'kuba nthawi ya mnzake. Ngati ndalama ya yunifolomu ya mwana yagula nsapato zothamangira, mendulo ikadzabwera idzakhala ya manyazi. Alipo amuna amene amathawa nyumba zawo popita ku bala, aliponso amene amazithawa popita ku bwalo la masewera, ngakhale ku misonkhano ya tchalitchi. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Nanga mowa? Makolo athu sadauyese mdani. Udalipo pa dima, pamene mudzi unkathandiza munthu kulima munda wake, udalipo pometa maliro ndi pothira nsembe. Koma unkamwedwa pabwalo, chipanda chikuyenda kuchoka m'manja kupita m'manja, akulu akuyang'ana, ndipo mbiya ikatha anthu ankabalalika. Mbiya yomweyo idali malire. M'tauni zinthu zidasintha. Fakitale ya Carlsberg idatsegulidwa ku Makata, m'munsi mwa Ndirande, mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, ndipo kuyambira mu 2016 ili m'manja mwa Castel. Pali Chibuku m'matavani, pali kachasu kuseri kwa nyumba, padalinso mowa wa m'masacheti umene boma lidaletsa mu 2015, ana a sukulu atayamba kuyenda nawo m'matumba a kabudula. Mbiya ya m'tauni siitha. Chimatha ndi thumba, ndipo thumba likatha amatsegula buku la ngongole, pambuyo pake pakubwera wa katapila. Malire amene kale mudzi unkaika, lero munthu ayenera kuwanyamula yekha mumtima.

Apa m'pamene tiyenera kusiyanitsa kulawa ndi kuledzera. Wolawa amafuna kuzindikira: amamva kuwawa kwake, fungo lake, luso la wofulula, ndipo lilime likangoyamba kuzizira amadziwa kuti chimene adadzera chatha. Woledzera amafuna kuleka kuzindikira, kuti aiwale ngongole, mkangano wa kunyumba kapena moyo umene sudayende monga ankayembekezera. Anthu awiriwa angakhale pa benchi limodzi, botolo lofanana lili m'manja, koma akuyenda njira zosemphana. Tchimo la kuledzera lagona pakuti munthu amataya dala nzeru, mphatso imene imamusiyanitsa ndi nyama.

Tisanamizane, komabe, kuti njira yochoka pa kulawa kupita pa kuledzera ndi yayitali. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Palibe chidakwa chimene chidayamba ndi cholinga chokhala chidakwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2023 kuti palibe muyeso wa mowa umene tinganene kuti ulibe chiopsezo chilichonse pa thanzi, pakuti mowa umawononga chiwindi, umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo uli m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Munthu amene waona kuti botolo lachiwiri limaitana lachisanu, muyeso wake ndi kusamwa konse, ndipo amene sakhudza mowa sadatayepo kanthu pa umunthu wake.

Za nyimbo sitichulutsa mawu. Dera lathu lino lidabala oimba: Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ndi kwela yawo, Allan Namoko wa ku Thyolo ndi banjo yake, Black Missionaries a ku Singano amene adapitiriza ntchito Evison Matafale atamwalira mu 2001. Alleluya Band nayo idabadwira pa parishi ya Balaka mu 1978. Mphunzitsi amene sabata yonse amalankhula ena akumvera, akaima pamaso pa bandi amasanduka womvera, ndipo kumeneko n'kudzichepetsa kwabwino. Choopsa sichili m'gitala. Chili m'nthawi yobwerera kunyumba ndi mwa munthu amene wavina naye. Bambo amene amapita ndi mkazi wake wayankha kale mbali yaikulu ya funsoli.

Tsopano tibwerere kwa kholo lija, pakuti nkhawa yake ili ndi maziko. Mwana amaphunzira ndi maso kuposa ndi makutu. M'makomboni mwathu nyumba n'zothithikana, njira ya ku sukulu ndi yomweyo ya ku msika ndi ku bala, kotero mphunzitsi savula uphunzitsi pamodzi ndi taye. Kalaliki wa mu ofesi akaledzera amadzivulaza yekha ndi banja lake, koma mphunzitsi akadzandira pamsewu amafufuta ndi mapazi zimene adalemba ndi choko. Paulo yemwe uja adaphunzitsa kuti nyama yoperekedwa kwa mafano ilibe mphamvu iliyonse, komabe adali wokonzeka kuileka kuti mbale wofooka asakhumudwe. Ufulu ulipo, koma chikondi chimaufupikitsa. Motero pali zinthu zimene mphunzitsi sangachite ngakhale ena azichita: kulowa m'kalasi akununkha mowa, kutuma mwana wa sukulu kukamugulira, kumwa pamodzi ndi ophunzira ake, kapena kukhala pa malo amene ana amadutsa tsiku ndi tsiku. Ndi mtanda ndithu, ndipo si bwino kuti ife tiuyese wopepuka.

Wina anganene kuti kumwera kutali ndi maso a ana ndi chinyengo chabe. Ife tikuona kusiyana. Wachinyengo amabisa chimene iye mwini akudziwa kuti n'choipa, ndipo woyamba kumubisira ndi mkazi wake. Munthu waulemu amachotsa pamaso pa ana chinthu chololedwa chimene ana sangathe kuchiyeza, monga momwe timaikira mankhwala pamwamba pa kabati. Mkazi wake amadziwa kumene ali, amene ali nawo, ndi ndalama zimene wawononga. Akafunsidwa sakana.

Tidafunsa kholo lija kuti nkhaniyi lidaidziwa bwanji. Lidati mwana wake wa zaka 12 ndiye adawaona aphunzitsiwo. Nanga mwanayo ankatani kumeneko? Kholo lidakhala chete kanthawi, kenaka lidavomera kuti lidamutuma kukagula Chibuku. Malamulo a dziko lino saloleza kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, koma tisanafike ku malamulo, tiganize zimene mwanayo adaphunzira tsiku limenelo, ndi kwa yani. Sitikunena izi kuti tichititse munthu manyazi, pakuti ambiri a ife timafuna kuti mphunzitsi akhale woyera m'malo mwathu, kuti ife tipitirize kukhala monga tilili. Timamupatsa ana 100, malipiro osafika pakati pa mwezi, ndi lamulo limene ife eni sitilisunga.

Nkhaniyi tidakawafotokozeranso aphunzitsiwo. Sadadziteteze. "Zoona, Bambo," adatero, "malo aja ali panjira ya ana." Kuyambira pamenepo anzawo awiri aja amabwera Loweruka pakhonde la nyumba yawo, mayi a kunyumba ali pomwepo. Adataya macheza a pa bala amene ankawakonda, ndipo adatiuza mosabisa kuti amawasowa.

Mphunzitsi akaweruka amakhalabe wa ana athu, pakuti maso awo saweruka. Amakhalanso wa banja lake, limene lili ndi gawo loyamba pa nthawi ndi ndalama zake. Ndiponso amakhala munthu payekha, wofuna mpweya wa m'mawa, macheza a abwenzi ndi kulira kwa gitala. Amene amukaniza chachitatuchi adzapeza kuti ziwiri zoyambazo zafota. Pa chisangalalo chilichonse, chake kapena chathu, tingathe kufunsa mafunso atatu. Kodi amene akulipira ndani, ine kapena ana anga? Kodi ndingachiuze mnzanga wa m'banja popanda kuchotsapo kanthu? Kodi Lolemba m'mawa chimandibwezera ku ntchito ndili munthu wabwinopo kapena woperewera?

Abale athu, mafunso amenewa tiwatengere ku malimana athu mwezi uno, ndipo tiyambe kudziyankha tokha tisanaloze chala nyumba ya aphunzitsi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero makolo, ndipo mphunzitsi amakwaniritsa mwambi umenewu tsiku ndi tsiku pa ana a tonsefe. Tikakumana naye m'bandakucha akukwera chitunda cha ku Michiru, timupatse moni waulemu, ndipo tikaona kuti wayamba kuterereka, tipite tikamuuze pamaso monga mbale, tisanakanene kwa ena.